Tsamba la Makumi Anayi

A Chimkwita anali kalaliki pa siteshoni ya njanji ku Salima,
munthu wovala jekete ngakhale mu Okutobala,
wosapereka moni kwa ana.
Tikakwera mtengo wawo wa mango ankatigenda ndi miyala ya m'njanji,
ndipo sankaphonya.

Koma sitima ya katundu ikachedwa, monga mwa chizolowezi chake,
ankatembenuza malisiti akale
n'kumalemba kuseri kwake za Ndaziona,
mtsikana amene anatola tikiti yopanda dzina la kopita
n'kukwera bogi imene inamera mapiko a mleme pa mlatho wa Linthipe.
Kumene anakatsikira, thonje linkayankhula,
anyani ndiwo ankasunga kaundula wa msonkho,
ndipo mwana akanama, chithunzithunzi chake chinkakagona kwa eni.

Mabukuwo anafika kusukulu m'katoni ya sopo.
Tinawawerenga mpaka zikuto zinafewa ngati nsanza.

Kenako mwana wa a Jafali anadzuka m'mawa
n'kunena kuti usiku wauluka, wakafika ku Chipoka n'kubwerako.
Sabata isanathe, abusa ndi ashehe,
amene anali asanamvanepo ngakhale pa malire a manda,
anakhala pa benchi imodzi.
Akuphunzitsa ana athu ufiti, anatero.
Mabuku makumi awiri ndi atatu anaunjikidwa kuseri kwa ofesi ya ahedi.
Palafini anagula ndi a komiti.
Langa ndinali nditalikwirira m'thumba la madeya.
A Chimkwita anaima chapatali, manja m'matumba,
n'kufunsa ngati alipo amene wawerenga mpaka kumapeto.
Palibe anayankha. Utsi unalowera kumsika.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaithera pomwepa:
iwo olakwiridwa, ine kangwazi kakang'ono.

Mwezi watha mwana wanga Mwandida atagwidwa malungo
ndinalitulutsa kuti ndimuwerengere.
Likununkhabe madeya.
Pa tsamba la makumi anayi pali mfiti yaikazi
yogulitsa zitumbuwa pachipata cha siteshoni,
yotsimphina mwendo wamanzere,
ya chipsera pansi pa diso,
yoseka itaphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje.
Mawu anandiuma pakhosi.

Mayi anga ankagulitsa zitumbuwa pachipata chimenecho.
A Chimkwita anawadyera miyezi itatu osalipira,
mayi n'kuwakumbutsa pagulu, tsiku la malipiro.
Basi, ndi zokhazo.
Tsopano ndikukumbukira chaka chimene ogula anayamba kudutsa chakutali,
amayi ena akukoka ana awo pamkono,
mayi akubwera kunyumba beseni lili lodzaza,
ife n'kumadya zitumbuwa zozizira, n'kumati chaka chino ndi chamwayi.

Mayi sankadziwa kuwerenga.
Wowawerengera ndinali ine, pa koloboyi,
ndikusintha mawu kuti mfitiyo imveke yoopsa.
Tikafika pamenepo ankatembenukira kukhoma
n'kunena kuti, pitiriza mwanangu, ukuwerenga bwino.

A Chimkwita anaikidwa anthu osakwana khumi alipo.
Pamanda awo pamera chitedze.
Akuti ku Lilongwe kuli anyamata a magalasi
amene akuti munthu uja anabadwa nthawi yake isanakwane.
Akufuna kulisindikizanso, akufunafuna amene analisunga.
Kalata yawo ili pawindo, ndatsamiritsapo botolo la mankhwala.
Ndikawauza kuti anali woipa, ndinama:
ndani wina anatipatsa thambo ife ana a kuseri kwa jinala?
Ndikawauza kuti anali wabwino,
chithunzithunzi changa chikagona kwa eni.

Mwandida akuti, ababa mwadumpha,
Ndaziona anali pachipata, wapezeka bwanji m'mitambo?
Ndikuti bogi inafulumira.
Akutseka maso, thupi lili moto,
akuti akumva mapiko padenga.
Ine ndapana tsamba lija ndi zala ziwiri.
Ndi lopyapyala kwambiri,
ndipo kuseri kwake ndi kumene bogi imanyamuka.